Graphene pamodzi ndi ufa wa zitsulo: momwe kuwala kwa dzuwa kungayeretsere madzi ndi kupha tizilombo

Nkhani ya mgodi wa Kasiya, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, yabweretsa m'makutu mwathu mawu awiri amene kale ankangomveka m'kalasi la sayansi: rutile ndi graphite. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals, imene ikufufuza kumeneko, imati m'nthakamo muli matani pafupifupi 18 miliyoni a rutile ndi oposa 24 miliyoni a graphite, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula gawo mu Sovereign. Pali dzina lachitatu, graphene, limene ambiri analimva koyamba m'mauthenga a pa WhatsApp nthawi ya Covid-19, onena kuti chinthuchi anachiika m'katemera. Palibe katemera wa Covid-19 wovomerezeka amene graphene ili pa mndandanda wa zopangira zake. Mphekeserayo inazilala, koma inasiya mantha pa dzinalo, ndipo ndi ochepa amene anafotokozeredwa kuti graphene n'chiyani kwenikweni.

Mayina atatuwa amakumana pa kafukufuku mmodzi amene wakula kwambiri kuyambira cha m'ma 2008. Asayansi amatenga graphene, yochokera ku graphite, n'kuiphatikiza ndi ufa wosalala kwambiri wa titanium dioxide, chinthu chomwe chija chimapanga rutile, kapena ufa wa zitsulo zina. Cholinga n'choti chosakanizacho chikawalidwa ndi dzuwa chiphwanye zoipa za m'madzi ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda. M'dziko limene kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, nkhani ya madzi siyofunika kuilankhula mopepuka. Ndiye tiyeni tione chimene zinthuzi zimachitadi, ndi pamene zikukanikabe.

Graphene: mzere umodzi wa pensulo

Chakuda chimene chili m'kati mwa pensulo ndi graphite yosakaniza ndi dongo. Graphite ndi kaboni, yemwe uja ali m'makala, koma maatomu ake, tinthu tating'onoting'ono timene timapanga chinthu chilichonse, anayalana m'timapepala tosanjikizana. M'kati mwa kapepala kamodzi maatomu amagwirana mwamphamvu zedi, pamene pakati pa kapepala ndi kanzake mgwirizano ndi wofooka. N'chifukwa chake pensulo imalemba: mukaikhukhuza papepala, timapepala tija timasendeka n'kutsala pamenepo.

Kapepala kamodzi kokha, kochindikala ngati atomu imodzi, ndiko graphene. Maonekedwe ake ali ngati waya wa khola la nkhuku, wa timabowo ta ngodya zisanu ndi imodzi, pa ngodya iliyonse pali atomu ya kaboni. Kuti graphite ichindikale milimita imodzi pamafunika timapepala totere pafupifupi 3 miliyoni.

Kwa zaka zambiri graphene inali ya m'mabuku. Philip Wallace anawerengera khalidwe lake mu 1947, koma anthu ambiri ankaganiza kuti kapepala kopyapyala chotero sikangakhale pakokha osapindika kapena kusweka. Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku yunivesite ya Manchester anakalekanitsa pogwiritsa ntchito selotepi: kumata pa graphite, kumatula, kumatanso, mpaka patsale kachidutswa kopyapyala kwambiri. Mu 2010 analandira nayo mphoto ya Nobel.

Graphene ili ndi mbiri zambiri, monga kulimba kuposa chitsulo, koma pa nkhani yathuyi zofunika ndi ziwiri. Choyamba, magetsi amayenda mwa iyo mosavuta kwambiri. Chachiwiri, popeza atomu iliyonse ili pamtunda, palibe yobisika m'kati, malo ake ogwirapo ndi aakulu modabwitsa. Galamu imodzi itayalidwa, kuwerengera mbali zonse ziwiri, ingakwane masikweya mita 2,630, kuposa theka la ekala.

Pa ntchito ya madzi, ofufuza ambiri sagwiritsa ntchito graphene yeniyeniyo, chifukwa simasungunuka m'madzi ndipo kuipanga yambiri n'kodula. Amagwiritsa ntchito mbale wake, graphene oxide. Iyi ndi graphene imene pamwamba pake pamatirira maatomu a okosijeni. Okosijeniyo amaithandiza kumwazikana bwino m'madzi, komanso amapereka pogwira ufa wa zitsulo. Kuipa kwake n'koti amadula njira ya magetsi. Choncho akamaliza kuphatikiza, amachotsako okosijeni wina kuti magetsi ayambenso kuyenda. Yotsalayo, imene m'mapepala a kafukufuku amailemba kuti rGO, siibwerera mwakale ndendende. Imakhala ndi zilema, koma ntchito imagwira.

Ufa wa zitsulo ndi zimene kuwala kumauchita

Chitsulo chikagwirizana ndi okosijeni chimapanga chimene amachitcha oxide. Dzimbiri la pa khasu ndi oxide ya ayironi. Zinc oxide ndi ufa woyera umene umapezeka m'mafuta opaka ana akasupuka ndi thewera komanso mu calamine. Titanium dioxide ndiyo imayeretsa penti yoyera, pepala ndi mafuta ena oteteza khungu ku dzuwa. Zinthuzi si zachilendo, tili nazo m'nyumba.

Chachilendo ndi kukula kwa timibulu take. Nanomita ndi gawo limodzi la magawo biliyoni a mita. Tsitsi limodzi limanenepa nanomita pakati pa 50,000 ndi 100,000. Bakiteriya wa E. coli ndi wotalika nanomita pafupifupi 2,000. Ufa wa titanium dioxide wotchedwa P25, umene malabotale ambiri amayerekezerapo zopanga zawo, timibulu take ndi ta nanomita pafupifupi 21. Zinthu ziwiri kapena zingapo zikaphatikizidwa, china mwa izo chili chaching'ono pa muyezo umenewu, chotulukacho ndiye nanocomposite.

Tsopano photocatalysis. Catalyst ndi chinthu chimene chimafulumizitsa kusintha kwa zinthu zina koma icho osatha. Ikakhala catalyst yodzutsidwa ndi kuwala, ntchitoyo ndiyo photocatalysis. Mbiri yake yamakono imayambira ku Japan. Akira Fujishima, ali wophunzira pa yunivesite ya Tokyo pansi pa Kenichi Honda, anaona kuti titanium dioxide yomizidwa m'madzi ikawalidwa ndi kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka ndi maso kumene kulinso m'dzuwa, pamatuluka timathovu ta okosijeni. Madzi anali kugawika. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1972. Mu 1985 gulu la Tadashi Matsunaga, ku Japan komweko, linasonyeza kuti ufawu ukawalidwa umaphanso mabakiteriya.

Zimachitika motere. M'kambulu ka titanium dioxide muli maelekitironi, tinthu tonyamula magetsi, tokhazikika m'malo mwake. Kuwala kokhala ndi mphamvu yokwanira kukagunda kambuluko, elekitironi imodzi imadumpha n'kuyamba kuyendayenda, ndipo pamene yachoka pamatsala bowo. Awiriwa, elekitironi ndi bowo, akafika pamtunda pa kambulu aliyense amagwira yake. Bowo limalanda elekitironi ku madzi, n'kupanga kanthu kaukali kotchedwa hydroxyl radical. Elekitironi ija imalowa mu okosijeni wosungunuka m'madzimo, n'kupanga kena kotchedwa superoxide. Tinthu timeneti sitisankha. Tikakumana ndi utoto wa ku fakitale ya nsalu, mankhwala ophera tizilombo m'munda, zotsalira za mankhwala a m'chipatala kapena khungu la bakiteriya, timadula zomangira zake pang'onopang'ono. Ntchito ikafika kumapeto, chotsala ndi madzi, mpweya wa carbon dioxide ndi timichere tochepa.

Apa pali kusiyana kwakukulu ndi sefa. Sefa imangosamutsa zoipa kuchoka m'madzi kupita mu sefamo, ndipo wina ayenera kukazitaya penapake. Photocatalysis, ikayenda bwino, imaziphwanya. Njirayi inatuluka kale m'labotale pa ntchito zina. Mu 2001 kampani ya Pilkington inayamba kugulitsa magalasi a mawindo okutidwa ndi titanium dioxide amene amadziyeretsa ndi dzuwa ndi mvula. Tchalitchi cha Jubilee mumzinda wa Rome, chimene chinatsegulidwa mu 2003, anachimanga ndi simenti yosakaniza ndi ufa womwewu n'cholinga choti makoma ake asade msanga.

Mavuto awiri amene graphene ikuyembekezeka kuthetsa

Ngati titanium dioxide imachita zonsezi payokha, graphene ikufunikiranji? Ufawu uli ndi zofooka ziwiri zimene zavutitsa ofufuza kwa zaka makumi asanu.

Choyamba ndi mtundu wa kuwala. Mtundu wa titanium dioxide umene umagwira bwino ntchitoyi, wotchedwa anatase, umafuna kuwala kumene mafunde ake ndi afupi kuposa nanomita pafupifupi 387, ndiko kuti UV. Zinc oxide nayo ndi chimodzimodzi. Koma UV ndi gawo laling'ono la kuwala kofika pansi pano, pafupifupi 5 peresenti. Dzuwa la mu Okutobala lingaswe mtengo, ufawo ukungogwiritsa ntchito kachigawo kameneko, kwina konseko kukupita pachabe.

Chachiwiri n'chimene chimapweteka kwambiri. Elekitironi ndi bowo zimakokana. Zambiri zimabwererana m'kanthawi kochepa koyezedwa m'magawo a biliyoni a sekondi, zisanafike n'komwe pamtunda, ndipo mphamvu ija imangosanduka kutentha pang'ono. Kuwala kwagwidwa, koma palibe chaphwanyidwa.

Graphene imalowa apa. Kambulu ka oxide kakakhala komatirira pa kapepala ka graphene, elekitironi imene yadumpha imapeza njira yosavuta: imatsikira pa waya wa kaboni uja n'kuthamangira kutali, bowo n'kutsala pa kambulu. Zikatalikirana chotero zimachedwa kubwererana, ndipo chilichonse chimapeza mpata wogwira ntchito. Gulu la Prashant Kamat ku yunivesite ya Notre Dame ku America linasonyeza mu 2008 kuti titanium dioxide ikawalidwa ndi UV imaperekadi maelekitironi kwa graphene oxide, mpaka chosakaniza chofiiriracho kusanduka chakuda chifukwa graphene oxide yataya okosijeni. Umenewo unali umboni wooneka ndi maso kuti maelekitironi akuwolokadi.

Pali maphindu ena owonjezera. Tinthu taukali tija moyo wake ndi waufupi kwambiri, sitipita patali, choncho choipa chiyenera kukhala pafupi ndi pamene tikubadwira. Graphene, ndi malo ake aakulu aja, imakoka utoto ndi mankhwala ambiri n'kuwamatirira pafupi ndi timibulu. Imathandizanso kuti timibuluto tisaundane, chifukwa ufa wosalala chonchi umakonda kugwirana m'zibuma, ndipo ukatero za m'kati sizionanso kuwala. Ofufuza ambiri anenanso kuti chosakanizacho chimayamba kugwira pang'ono kuwala kooneka ndi maso. Mfundo yomalizayi ndi yokanganirana: ufa wakuda umameza kuwala kochuluka, inde, koma si kuwala konse komezedwa kumene kumadumphitsa maelekitironi othandiza.

Muyezo nawo ndi wofunika. Graphene ikachuluka imaphimba timibulu n'kutitchinga ku kuwala, ntchito n'kutsika. N'chifukwa chake nthawi zambiri amaikamo yochepa, maperesenti owerengeka chabe a kulemera kwa chosakaniza chonse.

M'labotale amapanga bwanji

Graphite oxide, imene timapepala take tikalekana timakhala graphene oxide, si ya dzulo. Benjamin Brodie anaipanga ku England mu 1859. Njira imene ambiri amatsata lero inachokera kwa William Hummers ndi Richard Offeman mu 1958. Ufa wa graphite amauthira mu asidi wamphamvu wa sulfuric, kenako amawonjezera potassium permanganate pang'onopang'ono, botolo lili m'beseni la ayisi, chifukwa kusakaniza kumeneku kukatentha kwambiri kutha kuphulika. Phalalo limayamba lobiriwira modera, kenako lofiirira. Akathira madzi ndi hydrogen peroxide limasanduka lachikasu. Zikatero amalitsuka kambirimbiri kuti asidi achoke, n'kuligwedeza ndi makina a mafunde a phokoso mpaka timapepala tilekane.

Pophatikiza, njira yofala ndi yothira graphene oxide ndi mankhwala okhala ndi titanium kapena zinki m'kachitini kachitsulo kotsekeka zolimba, n'kukaika mu uvuni pa madigiri pakati pa 120 ndi 180 kwa maola angapo. Timibulu ta oxide timamera pa timapepala pomwepo, ndipo kutenthako kumachotsa okosijeni wina pa graphene oxide nthawi yomweyo.

Izi zikutiuza kanthu za Kasiya, za Malingunde kumene kulinso graphite, ndi za Balama ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, kumene kampani ya Syrah Resources inayamba kukumba graphite mu 2017. Mwala wa m'nthaka ndi chiyambi chabe. Rutile wachilengedwe amapita makamaka ku penti, ku chitsulo cha titanium ndi ku ndodo zowotcherera. Kuti pakhale ufa wa photocatalysis, titanium ayenera kuyengedwa n'kupangidwanso m'timibulu ta nano, makamaka ta mtundu wa anatase, chifukwa rutile payekha ndi wofookerapo pa ntchitoyi. Graphite nayo iyenera kudutsa m'masitepe onse aja. Mtengo weniweni uli m'kuyengako, ndipo kumafuna magetsi odalirika, asidi, akatswiri ndi njira yotayira madzi a asidi otsala popanda kuwononga mitsinje.

Momwe mabakiteriya amafera

Nkhani ya kupha tizilombo ili ndi mbali ziwiri: zimene zimachitika pa kuwala, ndi zimene zimachitika ngakhale mu mdima.

Pa kuwala, tinthu taukali tija timaukira khungu la bakiteriya, lomwe ndi lopangidwa ndi mafuta ndi mapuloteni. Khungulo likabooka za m'kati zimatuluka, ndipo zowononga zimalowa mpaka kufika pa DNA. Omid Akhavan ndi Elham Ghaderi a ku Tehran anasonyeza mu 2009 kuti titanium dioxide yokutidwa ndi graphene oxide imapha E. coli pa dzuwa mofulumira kuposa titanium dioxide yokha.

Mu mdima zinthu zina zimagwirabe. Zinc oxide ndi oxide ya mkuwa zimasungunuka pang'onopang'ono n'kutulutsa zinki kapena mkuwa, zimene zikachuluka zimasokoneza ntchito za m'kati mwa bakiteriya. Graphene nayo ili ndi njira zake. M'mphepete mwa timapepala take ndi mwakuthwa, ndipo mutha kucheka khungu la bakiteriya. Kafukufuku wina wa mu 2013 anasonyeza timapepalati tikuzula mafuta a m'khungu la E. coli. Timapepala tokulirapo timatha kukulunga bakiteriya yense n'kumulekanitsa ndi chakudya, ngakhale wokulungidwayo nthawi zina amakhala sanafe, ndipo akamasulidwa amayambanso kuswana.

Chimene chimakopa madokotala ndi asayansi n'choti kuukiraku kumachokera mbali zambiri nthawi imodzi. Mankhwala a antibayotiki nthawi zambiri amalunjika pa chinthu chimodzi m'thupi la bakiteriya, ndipo bakiteriya akasintha chimenecho mankhwala amasiya kugwira. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa kum'mwera kwa Sahara ndicho chinali ndi imfa zochuluka poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Nanocomposite si mankhwala omwa, ndipo silowa m'malo mwa antibayotiki. Chiyembekezo chili pa kukuta zinthu zogwiridwagwiridwa m'zipatala, nsalu zomangira zilonda, masefa, ndi kuyeretsa madzi otuluka m'zipatala asanakafike kumtsinje. Tisaiwale kuti mabakiteriya ena ali kale ndi njira zopirira mkuwa, zinki ndi siliva, choncho kunena kuti sangazolowere konse n'kupitirira umboni.

Ofufuza sagwirizananso pa mphamvu ya graphene oxide payokha. Mu 2010 gulu lina la ku Shanghai linapanga pepala la graphene oxide limene linkaletsa E. coli kukula. Chaka chotsatira gulu lina ku America linapeza zosiyana: mabakiteriya awo anakula bwino kwambiri pa graphene oxide. Kusiyanaku kumachokera ku zinthu zingapo, monga kukula kwa timapepala, kuchuluka kwa okosijeni, zotsalira za asidi ngati sanatsuke mokwanira, komanso madzi amene ayeseramo. M'madzi okhala ndi mapuloteni ambiri timapepala timakutidwa, kuthwa kuja n'kutha mphamvu. Choncho wina akamati graphene imapha majeremusi, funso loyenera ndi lakuti graphene yake iti, yopangidwa motani, yoyesedwa m'chiyani.

Kuchokera m'labotale kufika pa mjigo

Mapepala ambiri a kafukufuku amalengeza kuti chosakaniza chawo chachotsa utoto woposa 90 peresenti m'ola limodzi kapena awiri. Ndi bwino kudziwa mmene chiwerengero chotere chimapezekera. Wofufuza amatenga madzi oyeretsedwa kale a m'labotale, amathiramo utoto wabuluu wotchedwa methylene blue ndi kaufa pang'ono. Amatakasa mu mdima kwa theka la ola kuti utoto womatirira umatirire, kenako amayatsa nyali. Mphindi zingapo zilizonse amatapa madzi pang'ono, amawazunguza m'makina kuti ufa ukhale pansi, n'kuyeza kuti buluu watsala wochuluka bwanji. Pa mabakiteriya amapaka madziwo m'mbale zagalasi zokhala ndi chakudya chawo, n'kuwerenga timadontho tomera pofika mawa lake.

Muyeso umenewu ndi wothandiza poyerekeza ufa wina ndi unzake, koma uli ndi malire. Kutha kwa mtundu sikutanthauza kuti choipa chatha. Utoto utha kuduka pakati n'kusiya tizidutswa topanda mtundu koma tapoizoni. Komanso utoto umameza kuwala pawokha n'kuthandizira kudziphwanya, zimene zimachititsa ufa kuoneka wamphamvu kuposa mmene ulili. Bunsho Ohtani wa ku yunivesite ya Hokkaido ndi anzake anachenjeza za zimenezi mu 2006. Kafukufuku wosamala amayezanso kaboni yense wotsala m'madzimo, komanso amayesa pa mankhwala opanda mtundu.

Madzi a m'chitsime kapena mumtsinje nyengo ya dzinja ndi nkhani ina. Matope amatchinga kuwala. Zowola za masamba ndi michere yosungunuka zimapikisana ndi zoipa zenizeni pa tinthu taukali tija, n'kutimaliza tisanagwire bakiteriya. Zinc oxide imadyeka yokha ikakhala pa kuwala nthawi yaitali, makamaka m'madzi a asidi. Ngakhale graphene yomweyo siyotetezeka: gulu la Kamat lija linasonyeza mu 2014 kuti titanium dioxide ikawalidwa ndi UV kwa nthawi yaitali, imayamba kuphwanya rGO imene yakhalapo. Kuyesa kanayi kapena kasanu m'labotale sikutiuza kuti chipangizo chidzakhala bwanji chikatha chaka pa dzuwa.

Palinso kusiyana ndi klorini kumene aliyense wotunga madzi angakumvetse. Mukathira WaterGuard kapena klorini wa ku chipatala mu ndowa, kamphamvu kena kamatsalira m'madzimo, kotero kuti kapu kapena dzanja likalowamo pambuyo pake madziwo amakhala akutetezekabe. Photocatalysis sisiya chitetezo chotere. Kuwala kukachoka ntchito yaima, ndipo madzi atha kuipanso m'chidebe. Komabe klorini ali ndi zake zimene sakwanitsa. Kachilombo ka Cryptosporidium, koyambitsa kutsekula m'mimba, kamapirira klorini wa muyezo wa madzi akumwa. Klorini sachotsanso bwino zotsalira zambiri za mankhwala, ndipo akakumana ndi zowola m'madzi amapanga tinthu tina tosafunika. Njira ziwirizi zikuoneka kuti n'zothandizana kusiyana ndi kulowana m'malo.

Dzuwa palokha limayeretsa kale madzi. Njira ya SODIS, imene bungwe la Eawag la ku Switzerland lakhala likulimbikitsa, ndi yothira madzi osada m'botolo lapulasitiki loonekera n'kuligoneka padenga la malata kwa maola asanu ndi limodzi pa dzuwa lowala, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Ofufuza ena akuyesa kukuta m'kati mwa zotengera zotere ndi photocatalyst kuti nthawiyo ifupike. Ku Plataforma Solar de Almería ku Spain ayesa kwa zaka zambiri mapaipi agalasi okhala pa magalasi okhota osonkhanitsa dzuwa, madzi oipa akuyenda m'katimo pamodzi ndi titanium dioxide. Zimenezi zikusonyeza kuti njirayi imatheka kunja kwa labotale. Zosakaniza za graphene zambiri sizinafike pa mayeso aakulu chotero.

Kodi ufawo ukatsalira m'madzi?

Funso limeneli ndi limene liyenera kuyankhidwa bwino lomwe chipangizo chilichonse chisanafike kwa anthu. Chinthu chimene chimaboola khungu la bakiteriya chiyenera kuyesedwa pa maselo a munthu, pa nsomba, ndi pa tizilombo tothandiza ta m'nthaka. Zinki ndi mkuwa zosungunuka n'zoopsa kwa zamoyo za m'madzi zikachuluka. Bungwe la IARC, loona za khansa pansi pa WHO, linaika titanium dioxide mu 2006 m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, potengera makoswe amene anapuma fumbi lake lambiri. European Union inaletsa ufawu m'zakudya mu 2022, akatswiri ake atanena kuti sangatsimikize kuti suwononga DNA, pamene mayiko ena monga America, Canada ndi Britain amaulolabe. Mu Epulo 2021 boma la Canada linachenjeza anthu kuti asavale mamasiki okhala ndi graphene poopa kuti tizidutswa tingalowe m'mapapo, ndipo patapita miyezi ingapo linalolanso mitundu ina litaiwunika. Chiopsezo chachikulu chimene chadziwika ndi cha kupuma fumbi louma, ndiye oyamba kutetezedwa ayenera kukhala ogwira ntchito m'mafakitale opanga ndi kulongedza ufawu.

Kuchotsa timibulu ta nanomita 20 m'madzi si ntchito ya nsalu yosefera kapena mchenga. Pali njira ziwiri zimene zikuyesedwa. Ena amamatiriza chosakanizacho pa galasi, pa dongo lowotcha, pa nsalu kapena pa siponji, madzi n'kumadutsa pamwamba. Chipangizo chotere n'chosavuta kusamala, koma liwiro limatsika chifukwa malo ogwirapo achepa, ndipo pamafunika kuyeza ngati tizidutswa sitikumatuka pakapita miyezi. Ena amawonjezera magnetite, oxide ya ayironi imene imakokedwa ndi maginito, kuti ntchito ikatha aike maginito pambali pa thanki ufa wonse n'kusonkhana pamenepo, okonzeka kugwiritsidwanso ntchito.

Poona zonsezi, malo amene zosakanizazi zingayambe kugwira ntchito ndi amene madzi ake ndi ochepa, zoipa zake n'zodziwika, ndipo pali katswiri woyang'anira tsiku ndi tsiku: potulukira madzi a fakitale ya nsalu kapena ya zikopa, m'malo oyeretsera madzi a chipatala, kapena pa sitepe yomaliza madzi atasefedwa kale matope. Madzi akumwa a pakhomo amafuna umboni wokhwima kuposa pamenepo. WHO ili ndi ndondomeko yoyesera zipangizo zoyeretsera madzi a m'nyumba, imene inayamba mu 2014, ndipo imayesa chipangizo pa magulu atatu: mabakiteriya, mavairasi ndi tizilombo tonga Cryptosporidium, m'madzi oyera komanso m'madzi oderako. Botolo, sefa kapena ndowa yolembedwa kuti ili ndi graphene ikafika pamsika, wogula ali ndi ufulu wofunsa ngati inadutsa mayeso a mtundu umenewu, anayesa ndani, ndiponso ngati anayeza zimene chipangizocho chimatulutsira m'madzi chikakalamba.